Ndi amalume ku malinga a miyala a ku Masvingo

Amene anapitako ku Joni pa basi amaidziwa Masvingo ngati malo otsikira pang'ono, kuwongola miyendo, kugula madzi ndi kuthamangira kuchimbudzi dalaivala asanalize hutala. Mabasi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadutsa pamenepa akawoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda ndi kupyola Harare, ali pa liwiro la ku Beitbridge. Ambiri amafikapo tulo tili m'maso, mtima uli pa chipata cha kutsogolo. Ndi ochepa amene amadziwa kuti pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pomwe basi yaimapo pali mzinda wa miyala umene dziko lonselo linatengako dzina.

Ife tinali pa galimoto yathu, ine ndi amalume anga, alongo awo a mayi, ndiye tinali ndi ufulu wokhota. Tinkapita ku Chiredzi pa nkhani ya pabanja. Malume ndi mmisiri womanga nyumba. Anapita ku Rhodesia ali mnyamata m'zaka za m'ma 1960, nayamba ndi kukanda matope, kenako naphunzira kugwira chingwe ndi levulo, ndipo anatha zaka zoposa 20 akumanga nyumba za antchito m'minda ya nzimbe ya kumunsi kwa dzikolo. Pa Masvingo, pomwe nthawi imeneyo pankatchedwa Fort Victoria, ankadutsapo kawirikawiri, koma ku malinga a Great Zimbabwe sanapondeko. Nditawafunsa chifukwa chake usiku umene tinagona m'tauniyo, anayankha mosatekeseka: "Kunali kwa azungu okaona malo, mphwanga. Ife tinabwerera ntchito. Komanso tinkamva kuti anamanga ndi anthu ochokera kutsidya la nyanja, ndiye ine ndikanakafunako chiyani?" Ndinawapempha kuti tipereke tsiku limodzi. Anavomera, ngakhale za mafuta a galimoto sanasiye kuziwerengera.

Tinanyamuka m'mamawa kukuzizirabe, monga kumachitira mu Ogasiti. Mukatuluka m'tauni mumatsata msewu wa ku Beitbridge pang'ono, kenako n'kukhotera kumanzere, phokoso la mathiraki n'kutsala m'mbuyo. Dziko la kuno ndi la matanthwe. Kulikonse komwe mungaponye maso kuli mapiri a mwala wosalala, ena atasenza miyala ikuluikulu yosanjikizana. Mitengo inali itayamba kuphukira masamba ofiira. Pafupi ndi chipata amisiri osema anali akuyala malonda awo m'mbali mwa msewu, ambiri mwa iwo mbalame za mwala.

Malowa ali m'magawo atatu: pali phiri lokhala ndi malinga pamwamba pake, pali linga lalikulu m'chigwa, ndiye pakati pa ziwirizi pali mabwinja ambiri ang'onoang'ono. Mtsikana amene anatiperekeza, wantchito wa bungwe la boma losamala malo a mbiri yakale, anati tiyambe ndi phiri dzuwa lisanakwiye. Atamva Malume akumuyankha m'Chishona chomwe anachisiya kalekale koma chosadzimbiri, nkhope yake inamasuka, ndipo kuyambira pamenepo ankangowaitana kuti sekuru.

Njira zokwerera zilipo zingapo. Ina ndi yophweka, yokonzedwa m'nthawi ya atsamunda kuti alendo asavutike. Ina ndi yakale, ya eni ake, ya masitepe a miyala, ndipo chakumwamba imapanikizika pakati pa matanthwe awiri moti munthu amadutsa yekhayekha, mapewa akukhudza uku ndi uku. Malume anasankha yakaleyo. Ndinkaopera mawondo awo, koma anati njira ya mwini nyumba ndi imene imakuuza zimene ankaganiza. Phirili latalika mamita pafupifupi 80 kuchokera m'chigwa, ndipo tinalikwera mopumira, apusi akutiyang'ana m'mitengo. Titafika popanikizika paja Malume anaima n'kuyang'ana m'mwamba. "Apa mlendo salowa ndi gulu," anatero. "Amalowa mmodzi, mwini wake atamuona kale."

Khoma loyamba limene tinalipeza pamwamba limayambira pa thanthwe penipeni, popanda maziko okumba. Malume anandipatsa ndodo yawo kuti ndiwagwirire. Anayendetsa chikhatho pa miyala, nalowetsa chala mumpata wa pakati pa iwiri, nachitulutsa n'kuchiyang'ana. Munalibe simenti, munalibe laimu, ngakhale dothi munalibe. Anagwada n'kusuzumira m'munsi, kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kutsinzina diso limodzi monga amachitira akafuna kuona ngati khoma lapendekeka. "Likulowa m'kati," anatero. "Pansi n'lotambalala, pamwamba n'lochepa. Likudzitsamira lokha. N'chifukwa chake lidakali chiimire."

Mtsikana uja anafotokoza kumene miyalayo inachokera. Matanthwe a kuno amasendeka okha m'magawo opyapyala chifukwa cha kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku. Omanga akale ankafulumizitsa kusendekako posonkha moto pa thanthwe kenako n'kuthirapo madzi, ndipo gawo likang'aluka ankaliswa m'zidutswa zokwana kunyamula munthu mmodzi. Motero miyala yochokera pa gawo limodzi inkatuluka yofanana kukhuthala kwake, yokonzeka kuyalidwa m'mizere. Khoma lililonse lili ndi nkhope ziwiri zoyalidwa bwino, pakati pake n'kudzazamo miyala ina. Malume ankagwedeza mutu mawu aliwonse, ndipo nthawi zina ankamalizira okha chiganizo mtsikanayo asanafikeko.

Chimene chinawagwira mtima paphiripo n'chakuti omangawo sanalimbane ndi matanthwe. Pomwe pali mwala waukulu, khoma limafika n'kuukumbatira, n'kukapitirira mbali inayo. Mmisiri wa njerwa moyo wake wonse amasaka ngodya yowongoka, ndipo kuno Malume anaisaka osaipeza: makoma ake ndi okhotakhota, otsata mmene phiri lilili. Komabe sanangoyamikira zonse. Anandionetsa malo amene mizere ikuyamba bwino n'kusokonekera pakati, mwala waukulu utagona pafupi ndi waung'ono, wina utalowetsedwa kuti ungotseka mpata. "Koma apa ankaphunzira," anatero. Mtsikana uja anamwetulira osayankha, n'kungoti tidzakambirana tikatsikira m'chigwa.

Mukaima pamwamba mumaona chigwa chonse: linga lalikulu lija lili ndii pakati pa mitengo, ndipo chakutali madzi a nyanja ya Mutirikwi akung'anima. Mzindawu unakula kuyambira cha m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. Akatswiri ena amati pachimake pake munkakhala anthu okwana 18,000, ena amati anali ocheperapo ndithu. Makomawa sankanyamula denga. Anthu ankagona m'nyumba zadothi zofolera ndi udzu, zomangidwa m'kati mwa malinga kwa olemekezeka, ndi kunja kwake kwa anthu wamba. M'munsi mwa phirili ofukula anapeza mafupa a ng'ombe ochuluka zedi, chizindikiro chakuti okhala pamwambawa ankadya nyama mosaumira, ndiponso kuti chuma chawo choyamba chinali khola. Pali phanga lina pansi pa thanthwe limene munthu akafuulirapo mawu amakamveka kuchigwa. Mtsikana uja anafuula, ndipo ana asukulu amene anali pansi kutali anatembenuka onse pamodzi n'kuyamba kugwedeza manja. Anatiuzanso kuti kwa anthu ozungulira malowa, a kwa Nemanwa, a kwa Mugabe ndi a kwa Charumbira, phirili ndi malo a mizimu, ndipo mafumu awo akhala akutsutsana kwa zaka zambiri kuti woyenera kulisamala ndani. Malume atamva za mizimu anavula chipewa, ndipo sanachivalenso mpaka titatsika.

M'nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'munsi mwa phiri, muli mbalame zenizeni zija zimene osema a panjira amatengera. Zonse pamodzi zinapezeka 8, zosemedwa pa mwala wofewa, iliyonse itakhala pamwamba pa chipilala chake. Si zazikulu. Ukaziyang'anitsitsa umaona kuti si mbalame wamba: ina ili ndi milomo ya munthu, ndipo m'malo mwa zikhadabo zina zili ndi zala. Ena amati ndi chiwombankhanga chimene Ashona amachitcha chapungu, ena amati ndi nkhwazi, yomweyi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Kuyambira 1980 mbalameyi ili pa mbendera ya Zimbabwe. Koma mbiri ya maulendo ake ndi yowawa. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anadula imodzi pa chipilala chake eni malo akukana, n'kukaigulitsa kwa Cecil Rhodes, amene anakaiika m'nyumba yake ya Groote Schuur ku Cape Town. Zina zinatengedwa mu 1891 ndi Theodore Bent. Dziko la South Africa linabweza zingapo mu 1981, ndipo theka la ina, lomwe linakhala zaka zambiri ku Germany, linabwerera mu 2003 kudzalumikizidwa ndi mutu wake. M'nyumba yomweyi muli zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia ndi mikanda ya galasi zimene zinafukulidwa pano. Panapezekanso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya Tanzania. Golide ndi minyanga ya njovu zinkatsika kuchokera kuno kukafika ku doko la Sofala, pafupi ndi Beira wa lero, ndipo zinthu zimenezi zinkakwera njira yomweyo.

Dzuwa linali litafika pamutu pamene tinkayandikira linga lalikulu. Zithunzi zake ndinali nditaziona m'mabuku a sukulu, koma chithunzi sichikuuza mmene khosi limapindikira ukaima m'munsi mwake. Khoma lakunja limazungulira mamita pafupifupi 250, ndipo pomwe latalikitsa limafika mamita 11, kukhuthala kwake pansi n'kufika mamita 5. Akuti miyala yake imayandikira miliyoni. Chakumwamba, mbali imodzi, kuli mzere wa miyala yoyalidwa mopendekeka, uku ndi uku, wongokometsera basi. Munthu amene wanyamula miyala yochuluka chonchi n'kupezabe mtima wokongoletsa pamwamba, pomwe palibe angafikepo ndi dzanja, ndi munthu wonyadira ntchito yake.

Malume anayenda m'mbali mwa khomalo osalankhula, dzanja lili pa miyala. Kenako anandiitana. "Taona mzere uwu. Tautsate ndi maso." Ndinautsata mpaka pomwe khoma linakhotera, ndipo sunakwere, sunatsike. Miyala yake inali yosemedwa nkhope, yofanana, uliwonse utagona pa mpata wa iwiri ya pansi pake. Anandionetsa mabowo a m'munsi mwa khoma otulutsira madzi a mvula, naseka mokondwa, chifukwa akuti amisiri ambiri a masiku ano amaiwala zimenezi pomanga mpanda, ndipo mvula yoyamba imawakumbutsa. Anandionetsanso makomo ake ozungulira m'mbali, ndi masitepe opindika amene amatuluka m'khoma lenilenilo. Tinalowa mu kanjira kopapatiza ka pakati pa khoma lakunja ndi lam'kati, kotalika mamita oposa 50, kozizira ngakhale masana, kumwamba kukungooneka kamzere ka thambo. Kumapeto kwake kuli nsanja yotchuka ija, yotalika mamita pafupifupi 10, yonenepa pansi n'kumachepa pokwera, yofanana ndi nkhokwe ya munthu amene wakolola bwino. Ilibe khomo, ilibe chipinda: ndi miyala yokhayokha mpaka pakati. Ena amati linga lonseli linali nyumba ya mfumu kapena ya akazi ake, ena, monga Thomas Huffman, amati munkachitikira chinamwali, ndipo mtsutsowu sunathe.

Tinakhala pamthunzi pafupi ndi nsanjayo, ndipo ndi pamene Malume anamaliza mawu amene anawayamba paphiri. "Kuphiri kuja ankaphunzira. Apa anali atadziwa. Tsono tamvera, mphwanga. Munthu wobwera ndi luso lake kuchokera kutsidya la nyanja sayamba ndi khoma losokonekera n'kudzamaliza ndi lowongoka. Amayamba bwino tsiku loyamba, chifukwa anaphunzira kale kwawo. Awa anaphunzirira pompano. Bambo anayala mokhota, mwana nawongola, mdzukulu n'kudzafika apa." Mtsikana uja anawomba m'manja. Anati m'zaka za m'ma 1950 katswiri wojambula mapulani a nyumba, Anthony Whitty, anayeza makoma onsewa n'kuwagawa m'mitundu, napeza zomwezo: kamangidwe ka mizere yosalongosoka ndi kakale, ka mizere yowongoka n'kobwera pambuyo, ndipo kena kanatuluka mwa kanzake pamalo pomwepa. Zimene Whitty anazipeza ndi tepi ndi kope, sekuru anaziona ndi chikhatho m'mawa umodzi.

Apa ndiyenera kunena za bodza limene linawatsekereza Malume kunja kwa chipata chimenechi zaka zonse zija, chifukwa silinangomera lokha. Mu Seputembala 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, anafika pano ataperekezedwa ndi Adam Render, ndipo anatsimikiza mumtima mwake kuti wapeza nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. Anabenthula kamtengo pa mphuthu ya khomo lina, nakanunkhiza, n'kunena kuti ndi mkungudza wa ku Lebanon chifukwa kankanunkhira ngati pensulo yake. Unali mtengo wa m'tchire la komweko. Bent anati anamanga ndi Afoinike kapena Aluya. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo wosamala malowa mu 1902, anakumba n'kutaya dothi lambiri la m'kati mwa malinga, ati kuchotsa zinyalala za anthu akuda kuti afike pa za omanga enieni, ndipo m'dothi limenelo ndi mmene munali umboni. Ngakhale zinali choncho, David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula mosamala n'kunena poyera kuti mzindawu ndi wa Aafirika. Choonadi chinadziwika Malume asanabadwe. Koma boma la Ian Smith silinafune kuti chimveke, moti Peter Garlake, woyang'anira malo a mbiri yakale amene anakana kubisa, anachoka m'dzikolo mu 1970. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Ukavomera kuti makolo a munthu anamanga mzinda, n'kovuta kumuuza munthu yemweyo kuti sangathe kudzilamulira.

Chimene chimandipweteka ine si kuti azungu ena anakhulupirira zimenezi. N'chakuti bodzalo linatsika mpaka m'makomboni, n'kukalowa m'mutu mwa mnyamata wa ku Nyasaland amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kuyala khoma. Mwa anthu onse odutsa pa Fort Victoria, iye ndi amene akanawerenga miyala imeneyi bwino koposa, ndipo ndi iye amene anauzidwa kuti kulibe chake. Ndinawayang'ana Malume atakhala pa mwala, ndodo ili pakati pa mawondo, akuwerenga mizere ya nsanja ndi chala m'malere, ndipo mkwiyo unandigwira pa zaka zimene anamanidwa. Iwo sanaonetse mkwiyo. Ankangofuna kudziwa kuti omangawo ankakwera pa chiyani kuti afike pamwamba, ndipo iwo ndi mtsikana uja anakambirana za makwerero a mitengo mpaka njala inatikumbutsa nthawi.

Tinakadya pa Nemanwa, kamsika ka pafupi ndi malowa: sadza, nyama ya ng'ombe ndi masamba. Tikudya, nkhani inali ya kutha kwa mzindawo. Palibe chizindikiro chakuti unagwa ndi nkhondo. Akatswiri amatchula kutha kwa msipu ndi nkhuni pamalo pomwe anthu ndi ng'ombe anachulukana kwa zaka mazana, komanso kusamuka kwa malonda a golide kulowera kumpoto. Mbiri yapakamwa imati Nyatsimba Mutota anachoka kuno kukasaka mchere, nakakhazikitsa ufumu wa Mutapa chakuchigwa cha Zambezi, dera lomwe ife tinali titadutsa pobwera. Kutsidya kwa mtsinje womwewo kunali ufumu wa Maravi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 mfumu Muzura inatumiza ankhondo ake kukalowerera m'nkhondo za a Mutapa. Malume anati ndiye kuti njira ya pa Tete si ya lero, makolo anaipondaponda kale pasipoti isanabwere.

Madzulo tinapita ku damu la Mutirikwi, ulendo waufupi kuchokera pamalinga. Linamalizidwa mu 1960, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linkatchedwa Kyle. Khoma lake ndi la konkire, lopindika, lotalika mamita oposa 60, lotsekereza mtsinje pakati pa matanthwe awiri, ndipo msewu umadutsa pamwamba pake. Ine ndinkaona kukongola kwa madzi ndi mapiri. Malume ankaona zina. Damuli linamangidwa kuti lithirire nzimbe za ku Triangle ndi ku Hippo Valley, makilomita ambiri kumunsi, kudziko lotentha limene mvula yake siikwanira. "Ndiye madzi aja amachokera kuno," anatero atatsamira chitsulo cha m'mbali. Zaka zonse zija ankasamba, kuchapa ndi kukandira matope madzi a m'ngalande za m'minda, osaonapo gwero lake. Anayamba kutchula anzawo amene ankadula nzimbe, a ku Ntcheu, a ku Mulanje, a ku Angonia, mayina amene sindinawamvepo. Ambiri sanabwerere kumudzi. Anakwatira komweko, nabereka ana amene Malawi amangomumva. Ana amenewa ndi amene lamulo la unzika la mu 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC ndi nzika. Abale athu a ku Chiredzi anadutsa m'zimenezi, ndipo Malume amazidziwa bwino kuposa mmene amazikambira.

Ndinkaganiza kuti tsiku latha, koma pobwerera m'tauni Malume anakumbukira kuti pa msewu wa ku Mutare, pang'ono kunja kwa Masvingo, pali tchalitchi chaching'ono chimene ankachiona ali pa lole. Tinachipeza dzuwa litapendeka. Ndi tchalitchi cha Francis Woyera wa ku Assisi, chomangidwa pakati pa 1942 ndi 1946 ndi Ataliyana amene anasungidwa kuno monga akaidi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kunja n'chosadzionetsera, koma m'kati makoma ndi denga n'zojambulidwa mwaluso moti poyamba umayesa ndi timiyala tamitundumitundu toyalidwa, pomwe ndi utoto. M'tchalitchimu munaikidwa mafupa a Ataliyana 71 amene anamwalira ali m'ndende m'dzikoli. Malume anafunsa wosamala malowo kawiri kuti atsimikize nambalayo. Titatuluka anati, "Awa anafera kutali ngati anzanga aja. Koma kwawo anawatsatira."

Zimene tinkapitira ku Chiredzi zinali zomwezo. Achimwene awo a Malume, amene anawatsogolera ku Rhodesia, anamwalira kumeneko m'zaka za nkhondo ya ufulu, ndipo manda awo akhala nthawi yonseyi ndi kachitsulo kolembedwa ndi penti, kamene dzimbiri linadya dzina lake. Banja linasonkha ndalama kuti timange chiliza. Mapulani anali a njerwa ndi pulasitala, monga amachitira aliyense, ndipo msuweni wanga, mwana wa malemuwo, anali ataitanitsa kale njerwazo.

Usiku umenewo, tili pa malo ogona, Malume anandiuza kuti ndimuimbire. Anatenga foni n'kuyamba m'Chishona, n'kumalizira m'Chichewa. "Mwana wanga, njerwa zija usabweze, tidzazigwiritsa m'kati. Koma kunja ndikufuna mwala. Uwauze anyamata apite kuphiri mawa m'mamawa. Asatole iliyonse ayi. Asankhe yaphwatalala, yofanana kukhuthala, yoti munthu mmodzi anyamule. Akaipeza yochepa asadandaule, ndidzawaonetsa kaswedwe kake ndikafika." Msuweni wanga anafunsa ngati zimenezi sizichedwetsa mwambo, poti abale ena anali atapempha kale tchuthi kuntchito. Malume anati zichedwetsa ndi masiku awiri, ndipo amene akufulumira abwere adzathandize kunyamula. Kenako anandibwezera foni n'kundifunsa ngati pa Ngundu, pomwe tidzakhotere kulowera ku Chiredzi, tingapeze sitolo yogulitsa hamala yaikulu ndi tchizulo, chifukwa zawo anazisiya ku Blantyre.